Viza ya ntchito ya ku UK: m'mene imayendera, ndi chifukwa chake CoS sigulidwa

Pa magulu a WhatsApp pakuyendabe mauthenga akuti ku UK kuli malo a ntchito yosamalira okalamba, CoS (nambala imene wolemba ntchito amapereka kuti munthu afunsire viza) ilipo kale, lipirani theka lero, theka linalo mukamaliza mukafika. Uthengawo umabwera ndi chithunzi cha kalata yokhala ndi chidindo, ndipo wotumizayo amadzitcha ejenti. Amayankha foni usiku ndi usana, amakutchani achimwene kapena asisi, ndipo nthawi zonse amati malo atsala awiri okha. Koma kuyambira pa 22 Julayi 2025 boma la UK linasiya kupereka viza ya care worker, kutanthauza wosamalira okalamba ndi odwala, kwa anthu ofunsira ali kunja kwa dzikolo. Munthu wa ku Lilongwe, ku Chipata, ku Tete kapena ku Harare sangalowenso pa khomo limenelo ngakhale atagulitsa puloti ndi ng'ombe zonse za makolo ake. Amene akutsatsa CoS ya ntchito imeneyi lero akutsatsa chinthu chimene kulibe.

Kuti munthu asagwe m'manja mwa madobadoba otere, ayenera kumvetsa kaye m'mene viza ya ntchito ya ku UK inapangidwira, chifukwa chinyengo chonsechi chimabisala pamene anthu sakumvetsa ndondomekoyo.

Ambiri timaganiza kuti viza ya ntchito ndi chilolezo chimene munthu amatenga, n'kukwera ndege, n'kukasaka ntchito akafika. Ku UK sizili choncho. Ntchito ndiyo imayamba kupezeka, munthu akadali kwawo. Wolemba ntchitoyo ayenera kukhala ndi laisensi yochokera ku Home Office, unduna woona za m'dziko, yomulola kulemba anthu akunja. Akakufunsani mafunso n'kukhutira nanu, amalowa pa kompyuta ya boma n'kukulemberani Certificate of Sponsorship, imene anthu amangoti CoS. Dzinalo limasokeretsa, chifukwa si satifiketi ya pepala ayi. Ndi nambala chabe, ndipo kuseri kwa nambalayo kuli dzina lanu, nambala ya pasipoti yanu, dzina la ntchito, malipiro, maola ndi tsiku loyamba. Nambalayo mumailemba pa fomu yofunsira viza, ndipo muyenera kutero pasanathe miyezi itatu. CoS imodzi ndi ya munthu mmodzi, imagwira ntchito kamodzi, ndipo singasamutsidwe kupita kwa wina.

Wolipira CoS ndi bwana. Mtengo wake unali £239, kenako unakwera kufika pa £525 mu Epulo 2025, ndipo malamulo a Home Office amaletsa bwana kukankhira ndalamayi kwa wantchito. Komanso lamulo la UK la mu 1973 loyendetsa makampani opezera anthu ntchito limaletsa kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito. Choncho munthu akakuuzani kuti CoS ndi mapaundi zikwi zakutizakuti, pali zinthu ziwiri zokha: mwina CoS yo ndi yabodza, kapena ndi yeniyeni koma yochokera kwa bwana amene waphwanya kale lamulo musanayambe n'komwe ntchito. Chachiwirichi n'chimene chapweteka anthu ambiri, chifukwa ndege amakweradi, ku Heathrow amadutsadi, mavuto n'kudzayamba atafika.

Khomo la care linatseguka motani

UK itatuluka m'mgwirizano wa European Union, anthu a ku Poland, Romania ndi maiko ena a ku Ulaya anasiya kulowa mwaufulu kuyambira Januwale 2021. Ena mwa iwo ndi amene ankasambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza okalamba m'nyumba zosamalira anthu. Mliri wa Covid-19 unawonjezera vutolo. Bungwe la Skills for Care linawerenga malo opanda anthu pafupifupi 165,000 ku England m'chaka cha 2021/22. Boma linamvera malangizo a komiti yake yoona za anthu olowa m'dzikolo, ndipo pa 15 Febuluwale 2022 linaika care worker pa mndandanda wa ntchito zosowa anthu. Malipiro ochepetsetsa ovomerezeka anali £20,480 pa chaka. Digiri sinkafunika. Munthu ankaloledwa kupita ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana.

Kwa ife kuno, imeneyi inali nkhani yaikulu. Aphunzitsi, ogwira ntchito m'mabanki, amalonda ndi achinyamata omaliza sukulu osapeza chochita anathamangira kukachita timakosi ta masabata ochepa ta kusamalira odwala. Ochuluka kwambiri anachokera ku India, Nigeria ndi Zimbabwe, koma Amalawi ndi anthu a ku Zambia analiponso. Kwacha ya Malawi itatsika mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, paundi imodzi yotumizidwa kumudzi inayamba kulemera kwambiri, ndipo mtima wofuna kupita unakula.

Chimene boma la UK silinachite ndi kufufuza mokwanira amene linkawapatsa malaisensi. Timakampani tinabadwa tambirimbiri, tina ta munthu mmodzi wokhala ndi laputopu m'chipinda chogona. David Neal, amene anali mkulu woyendera ntchito za malire ndi zolowa m'dzikolo, analemba lipoti limene linatuluka mu Malichi 2024. M'menemo anatchula za ma CoS 275 operekedwa ku nyumba yosamalira okalamba imene kunalibe n'komwe, ndi ena 1,234 operekedwa ku kampani imene inanena yokha kuti ili ndi antchito anayi. Kuseri kwa nambala iliyonse kukhoza kukhala munthu amene anatenga katapila, kapena amene mayi ake anakongola ku banki mkhonde.

Kenako khomolo linayamba kutsekedwa pang'onopang'ono. Chiwerengero cha olowa m'dzikolo, kuchotsera otuluka, chinali chitapitirira 900,000 pa chaka cha m'ma 2023, ndipo andale a mbali zonse anali pa mpanipani. Pa 11 Malichi 2024 ma care worker atsopano analetsedwa kubwera ndi mabanja awo, ndipo makampani a ku England anauzidwa kuti akhale olembetsedwa ku Care Quality Commission, bungwe loyendera malo osamalira anthu. Mu Malichi 2025 boma linalengeza kuti linalanda malaisensi oposa 470 pakati pa Julayi 2022 ndi Disembala 2024, ndipo antchito oposa 39,000 anali ogwirizana ndi makampani amenewo. Kuyambira pa 9 Epulo 2025 mabwana a ku England anauzidwa kuti ayambe ayesa kulemba anthu amene ali kale m'dzikolo koma ntchito inawathera. Pa 22 Julayi chaka chomwecho khomo linatsekedwa kwa onse ali kunja.

Viza yomangirira munthu kwa bwana mmodzi

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene anthu otsala kumudzi samvetsa akamadandaula kuti m'bale wawo ali ku UK koma satumiza kanthu.

Viza ya ntchito imalembedwa dzina la bwana. Simungangodzuka n'kukayamba ntchito kwina ngati mwayambana naye. Kuti musinthe, mufunika bwana wina wa laisensi, CoS yatsopano, ndi kufunsiranso viza n'kulipiranso. Ntchito ikatha, kapena laisensi ya kampani ikalandidwa ngakhale inu simunalakwe kanthu, Home Office imakulemberani kalata yofupikitsa viza yanu, kawirikawiri n'kukupatsani masiku 60 oti mupeze bwana wina kapena mutuluke m'dzikolo. Pa nthawi yonseyi simuloledwa kulandira thandizo la ndalama la boma limene nzika zimalandira zikasowa ntchito. Lendi ndiye siyembekeza.

Amene anakulira kufupi ndi maesiteti a fodya ku Kasungu kapena ku Mchinji akudziwa moyo wa tenanti: chakudya, pogona ndi ngongole zonse zili m'buku la mwini esiteti, ndipo kuchoka n'kovuta ngakhale chipata chili chotsegula. Wantchito amene anagula CoS amakhala chimodzimodzi. Kontirakiti inalemba maola okwanira sabata yonse, koma akafika amauzidwa kuti makasitomala sanapezeke, adikire. Sabata ino ampatsa maola khumi, ya mawa osampatsa konse. Ena amapatsidwa maola opitirira muyezo, osapuma, akadandaula n'kuuzidwa kuti CoS yawo ifafanizidwa. Makontirakiti ena ali ndi ndime yoti ukachoka zaka zisanakwane ubweze mapaundi zikwizikwi. Kukanena bwanayo ku boma n'kotheka, koma wantchito amadziwa kuti laisensi ikalandidwa, iye ndi anzake onse ayamba kuwerenga masiku 60 aja. Mantha amenewa ndiwo amatseka anthu pakamwa. Ine ndimaona kuti kulakwa kwakukulu kuli pa kapangidwe ka lamulolo, chifukwa limalanga wozunzidwa limodzi ndi womuzunza. Amayi a ku Malawi amene anavutika m'nyumba za anthu ku Oman anakumana ndi mchitidwe womwewu wa viza yomangirira munthu kwa bwana, kungoti kumeneko unali wankhanza kwambiri.

Ngakhale bwana ali wachilungamo, ntchitoyo ndi yolemetsa kuposa m'mene zithunzi za pa Facebook zimaonetsera. Wosamalira anthu m'makomo mwawo amadzuka kukadali mdima, m'nyengo yozizira n'kuyamba wapala madzi oundana pa galasi la galimoto. Amafika pa nyumba yoyamba, n'kutsegula kabokosi ka kiyi ka pakhoma ndi nambala yachinsinsi, n'kupeza gogo wa zaka 90 amene mwina sakumukumbukira ngakhale anabwera dzulo. Amamudzutsa, kumusintha thewera, kumusambitsa, kumupatsa mankhwala ndi tiyi, kulemba zonse pa foni ya kampani, ndipo pakutha pa theka la ola akhale ali pa msewu kupita kwa wina. Masana pamakhala maola opanda ntchito, madzulo n'kuyambiranso ulendo womwewo wokagoneka anthu. Popanda galimoto ntchitoyi ndi yovuta kwambiri. Laisensi yoyendetsera galimoto ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha, kenako munthu ayenera kulemba mayeso a ku UK, pamene ya ku Zimbabwe ndi ya ku South Africa imatheka kungosinthitsa. Pa malipiro amadulapo msonkho, inshuwalansi ya boma ya National Insurance ndi penshoni, ndipo zotsalazo zimadikiridwa ndi lendi, msonkho wa khonsolo wotchedwa council tax, magetsi, gasi ndi inshuwalansi ya galimoto.

Makomo amene adakali otsegula

Viza yaikulu ya Skilled Worker ilipobe, koma mpanda wake unakwera. Malipiro ochepetsetsa anali £26,200 pa chaka, anafika pa £38,700 mu Epulo 2024, kenako £41,700 mu Julayi 2025. Kuyambira mwezi womwewo, ntchitoyo iyenera kukhala ya mulingo wa digiri. Izi sizikutanthauza kuti inuyo mukhale ndi digiri basi, koma kuti ntchito imene mwalembedwayo ikhale ya gulu limenelo, monga uinjiniya, zamakompyuta kapena uphunzitsi. Ntchito zochepa za mulingo wotsikirapo zinasiyidwa pa mindandanda ya kanthawi, ndipo olowera pamenepo saloledwa kutenga mabanja. Chingerezi nachonso amayesa. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe sali pa mndandanda wa maiko amene UK imawatenga kuti anthu ake ambiri amalankhula Chingerezi, choncho ngakhale munaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale, mufunika mayeso ovomerezeka monga IELTS for UKVI, kapena digiri yotsimikiziridwa ndi bungwe la Ecctis. Mulingo wa Chingerezi wofunika unakwezedwa kuchoka pa B1 kufika pa B2 mu Januwale 2026.

Anamwino ndi madokotala njira yawo ndi ina, ndipo ili ndi mfundo imene imasokoneza ambiri. Bungwe la World Health Organization lili ndi mndandanda wa maiko amene ali ndi antchito a zaumoyo ochepa kwambiri. Wa mu 2023 uli ndi maiko 55, ndipo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe onse alipo. UK imautcha red list, ndipo imaletsa zipatala ndi maejenti kubwera kudzakopa antchito m'maiko amenewa. Namwinoyo payekha saletsedwa. Akaona ntchito yolengezedwa pa webusaiti ya ntchito za m'zipatala za boma ya NHS Jobs n'kufunsira yekha mwachindunji, akhoza kulembedwa. Chotero ejenti amene akusonkhanitsa anamwino ku Blantyre kapena ku Lusaka kuti awatumize ku UK akuchita zimene malamulo a kalembedwe ka antchito a zaumoyo a dzikolo amakana, ndipo chipatala cholongosoka sichingagwire naye ntchito.

Mndandandawu uli ndi chifukwa chake chimene ife tikuchidziwa bwino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ankachoka ku Malawi kupita ku UK mwaunyinji, mawodi n'kutsala opanda anthu pa nthawi imene Edzi inali pachimake, mpaka boma linayambitsa ndondomeko yapadera mu 2004 imene inadzakweza malipiro a antchito a zaumoyo ndi 52 pa 100 iliyonse, ndi thandizo la UK yomweyo. Sindingaweruze namwino wofuna kuphunzitsa ana ake, koma sitingabisenso kuti amene watsala pa wodi ya amayi oyembekezera ku chipatala cha boma amanyamula katundu wa anthu awiri.

Namwino wofuna kupita amayamba ndi Nursing and Midwifery Council, khonsolo yolembetsa anamwino ya ku UK. Khonsolo ya anamwino ya kwawo imatumiza umboni woti ndi wolembetsedwa ndipo alibe mlandu. Amalemba mayeso a Chingerezi, IELTS kapena OET, pa mulingo wokwera kuposa wa viza wamba. Kenako pali mayeso a pa kompyuta otchedwa CBT, amene amatheka kulemba asananyamuke, ndi a zochita ndi manja otchedwa OSCE, amene amakalembera ku UK. Viza yake ndi ya Health and Care Worker, yotsika mtengo, ndipo salipira ndalama ya chipatala ya £1,035 pa chaka imene ena a Skilled Worker amalipira yonse pamodzi pofunsira viza.

Pali njira ziwiri zimene madobadoba amakonda kutchula khomo la care litatsekedwa. Yoyamba ndi yoti pitani ngati mlendo wokacheza, mukasintha mukafika. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza: viza ya mlendo siloleza kugwira ntchito, ndipo singasinthidwe kukhala ya ntchito munthu ali m'dzikolo. Yachiwiri ndi ya sukulu. Imeneyi ndi yovomerezeka, koma fizi ya ophunzira akunja ndi yokwera zedi, pa nthawi ya maphunziro munthu amaloledwa maola 20 okha pa sabata, ndipo viza ya omaliza maphunziro imene inali ya zaka ziwiri ifupikitsidwa kukhala miyezi 18 kuyambira Januwale 2027.

Kufufuza ntchito musanatulutse khobidi

Home Office imasindikiza pa webusaiti ya boma ya gov.uk mndandanda wa makampani onse okhala ndi laisensi, wotchedwa Register of licensed sponsors. Ndi waulere ndipo umasinthidwa pafupipafupi. Ngati dzina la kampani mulibe, nkhani yathera pomwepo. Koma kupezekamo kwa dzina sikokwanira, chifukwa akuba amatenga dzina la kampani yeniyeni n'kupanga kalata yofanana. Pezani nokha nambala ya foni ya kampaniyo, osati imene mwapatsidwa, muimbe, mufunse ngati akumudziwa munthu amene akulankhula nanu. Onani pa Companies House, kaundula wa boma wa makampani a ku UK, kuti kampaniyo inayamba liti ndipo eni ake ndani. Bwana weniweni amakufunsani mafunso a ntchito pa vidiyo, amafuna makalata a kumene munagwirako, amalemba kuchokera pa imelo ya kampani, ndipo sakuuzani kuti mutumize ndalama ku akaunti ya munthu kapena pa foni.

Ndalama zimene wofunsira amalipiradi n'zodziwika: fizi ya viza, ndi ndalama ya chipatala ija kwa amene imawakhudza, zimene zimalipidwa pa intaneti ku boma la UK, mayeso a Chingerezi, kuyezetsa TB ku chipatala chovomerezedwa ndi Home Office, kalata ya ku polisi kwa ogwira ntchito za umoyo ndi za maphunziro, ndi tikiti ya ndege ngati bwana sanalonjeze kugula. Kalata ya TB imagwira ntchito miyezi 6, ndipo ya chipatala china chilichonse amaikana. Muyeneranso kuonetsa kuti mwakhala ndi ndalama zokwana £1,270 mu akaunti kwa masiku 28 otsatizana, pokhapokha bwana atalemba pa CoS kuti akusamalani mwezi woyamba. Fomu lembani nokha, kapena khalani pambali pa wolembayo n'kuwerenga mzere uliwonse. Ejenti akaikamo sitetimenti ya banki yopeka kapena satifiketi yabodza, dzina lokanidwa ndi lanu, ndipo akatsimikiza kuti munachita mwadala mukhoza kuletsedwa kulowa m'dzikolo kwa zaka 10.

Chiyembekezo cha ambiri chinali choti akakwanitsa zaka 5 adzapeza chilolezo chokhazikika, n'kumasuka kwa bwana. Mu Meyi 2025 boma la UK la Keir Starmer linatulutsa chikalata chofuna kuti zakazo zikhale 10, ndipo mu Novembala chaka chomwecho nduna ya za m'dziko Shabana Mahmood inabweretsa maganizo oti ogwira ntchito za mulingo wotsika, kuphatikizapo ma care worker, azidikira mpaka zaka 15. Aliyense wowerengera tsogolo lake pa zaka 5 zija aone kaye zimene zalembedwa pa gov.uk tsiku limene akufunsira, chifukwa malamulowa asintha kangapo m'zaka zochepa.

Kwa amene ali kale ku UK pa viza ya care, khomo silinatsekedwe kotheratu. Boma linati akhoza kuwonjezera viza kapena kusintha bwana mpaka Julayi 2028. Ku England kuli magulu a m'zigawo, othandizidwa ndi unduna wa zaumoyo, amene ntchito yawo ndi kulumikiza antchito otayidwa ndi mabwana ena a laisensi, ndipo salipiritsa. Bungwe la antchito la Unison limalandira ma care worker akunja, Citizens Advice imapereka uphungu waulere, ndipo aliyense wolipiritsa uphungu wa viza ayenera kukhala loya kapena wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority. Musunge kontirakiti, mapepala a malipiro, ndandanda ya maola ndi mauthenga onse a bwana kapena ejenti, chifukwa ndiwo umboni pa tsiku la mlandu. Ndipo inu abale otsala kuno, mwana wanu akakuuzani kuti kampani yake yalandidwa laisensi, muyambe mwaimitsa nkhani ya malata ndi fizi. Pa masiku 60 amenewo ndalama iliyonse imene ali nayo ikufunika pa lendi, pa basi yopita kukafunsidwa mafunso a ntchito, ndi pa fizi ya viza yatsopano.